Kodi munthu wabwinobwino ndi uti? Funso losautsa pa chikhulupiriro ndi pa moyo wa munthu

Abusa, mashehe, ansembe, anamwino ndi alangizi amalimva funso limeneli kawirikawiri, ndipo limabwera monong'ona, ena onse atatuluka. Mayi amene mwamuna wake anamwalira chaka chatha amafunsa ngati kumangolirabe mpaka pano n'kwabwinobwino. Mnyamata amene anzake amakhetsa misozi popemphera, iye osamva kanthu, amafunsa ngati mtima wake unauma. Wina wafika zaka 35 asanakwatire. Wina akangogwada kuti apemphere, m'mutu mwake mumabwera mawu onyoza Mulungu amene iye sawafuna n'komwe. Onsewa akufuna kudziwa ngati ali ngati anthu ena, kapena penapake panalakwika.

Mayankho amene amalandira amasemphana, mwina n'kuwasokoneza kuposa poyamba. Dokotala amati palibe vuto, mlaliki n'kunena kuti vuto lilipo ndipo ndi lalikulu. Kwina mpingo umati ndi mphatso, achipatala n'kulemba mankhwala. Sikuti nthawi zonse mmodzi mwa iwo akunama. Kawirikawiri aliyense wanyamula muyezo wakewake, koma sanena kuti wanyamula uti.

Miyezo itatu yosiyana

Muyezo woyamba ndi wa chiwerengero, ndipo umafunsa kuti anthu ambiri amatani. Wachiwiri ndi wa thanzi: kodi thupi ndi maganizo a munthuyu zikumulola kugona, kugwira ntchito ndi kukhala ndi anzake? Wachitatu ndi wa chilungamo, umene zipembedzo ndi chikumbumtima zimagwiritsa ntchito, ndipo umafunsa kuti munthu ayenera kukhala wotani.

Nthawi zambiri miyezo itatuyi imagwirizana, n'chifukwa chake timaiwala kuti ndi yosiyana. Koma taonani pamene imasemphana. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse ndi wamanzere. Amanzere ndi ochepa, koma sakudwala ndipo sanachimwe, ngakhale kuti m'maiko ambiri ana otere ankamenyedwa kusukulu kuti alembe ndi dzanja lamanja. Kuwola kwa mano n'kofala dziko lonse lapansi, komabe ndi matenda ndithu. Kunama amanama pafupifupi aliyense, koma palibe chipembedzo chachikulu chimene chimati bodza ndi labwino chifukwa lachuluka. Ndipo kukhululukira munthu amene wakuphera mwana n'chinthu chosowa kwambiri, koma anthu a chikhulupiriro amachiika pamwamba penipeni.

David Hume, katswiri wa nzeru wa ku Scotland, anachenjeza kale cha m'ma 1740 kuti olemba ambiri amayamba ndi kufotokoza mmene zinthu zilili, kenako mwakachetechete n'kulumphira pa mmene ziyenera kukhalira, ngati kuti chachiwiricho chimangotuluka chokha m'choyambacho. Kulumpha kumeneku n'kumene kumachitika munthu akamati "aliyense amatero, ndiye palibe cholakwa", kapena "palibe wina amatero, ndiye uyu wasokonezeka". Kuli ngati kuyeza kulemera kwa thumba ndi tepi ya telala: nambala ituluka ndithu, koma si ya funso limene unafunsa.

Munthu wa avereji amene sanabadwepo

Maganizo akuti pali munthu wapakatikati amene ena tonse tiyenera kuyezedwa naye si akale kwambiri. Anawatchukitsa ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium, katswiri wa masamu ndi nyenyezi, m'chaka cha 1835. Oyeza nyenyezi anali ndi njira yawo: poti muyezo uliwonse umakhala ndi kacholakwika, ankayeza kambirimbiri n'kutenga avereji, ndiko kuti kuphatikiza miyezo yonse n'kugawa ndi kuchuluka kwake. Quetelet anatenga njira imeneyi n'kupita nayo kwa anthu. Anawerengetsera kukula kwa zifuwa za asilikali 5,738 a ku Scotland, ndipo anaona kuti ambiri aunjikana pakati, ochepa okha ali m'mbali muno ndi muno. Mpaka apa masamu ake anali olondola. Koma iye anapitirira, n'kunena kuti munthu wa averejiyo ndiye chithunzi chenicheni chimene chilengedwe chinkafuna kupanga, ndipo ena onse ndi zophonya. Muyezo wa BMI, umene achipatala amagwiritsa ntchito poyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, unachokera m'masamu ake omwewo.

Kumene maganizowa anakathera n'koopsa. Francis Galton wa ku England mu 1883 anatchukitsa chiphunzitso chakuti mtundu wa anthu ungakonzedwe posankha oyenera kubereka. M'zaka za m'ma 1900, anthu oposa 60,000 ku United States anatsekedwa kubereka mokakamiza, ndipo ku Germany wa chipani cha Nazi anali pafupifupi 400,000. Mlandu wawo unali wakuti akuluakulu ena anawaona kuti sali ngati anthu ena.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wa averejiyo sapezeka. M'chaka cha 1950 gulu lankhondo la m'mlengalenga la ku United States linayeza matupi a oyendetsa ndege 4,063, pofuna kukonza mipando yokwanira woyendetsa ndege wapakatikati. Wofufuza wina wachinyamata, Gilbert Daniels, anasankha miyezo 10, monga msinkhu, chifuwa ndi kutalika kwa mkono, n'kufunsa kuti ndi angati amene ali pakatikati pa miyezo yonse 10. Sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Wamsinkhu wapakati ankapezeka ndi mikono yaitali, wa mikono yapakati n'kukhala ndi chifuwa chachikulu. Mpando wopangira munthu wa avereji sunali wokwanira aliyense, ndipo mapeto ake anayamba kupanga mipando yosendezeka.

Ngakhale pepala la zotsatira za magazi limene mumalandira kuchipatala lili ndi nkhani yomweyi. Malire amene amalembedwa m'mbali mwa nambala yanu nthawi zambiri amapezeka poyeza anthu athanzi n'kutenga 95 apakati mwa 100 alionse. Ndiye kuti munthu wathanzi mmodzi mwa 20 amagwera kunja kwa malirewo popanda kudwala kulikonse. Munthu wathanzi akayezedwa zinthu 20 zosagwirizana, masamu amasonyeza kuti mwayi woti chimodzi chituluke kunja kwa malire ndi pafupifupi 64 pa 100. Ngati zili chonchi ndi magazi, amene amayezeka ndi makina, kuli bwanji mtima wa munthu pa pemphero?

Palinso funso lakuti anayezedwawo ndi ndani. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake awiri anakumbutsa akatswiri anzawo kuti anthu 96 mwa 100 alionse amene ankafufuzidwa m'magazini akuluakulu a sayansi ya maganizo ankachokera m'maiko okhala ndi anthu 12 okha mwa 100 alionse a padziko lapansi. Zambiri zimene zimalembedwa kuti "munthu amatere" kwenikweni zikunena za ophunzira a m'mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya.

Muyezo wa madokotala

Madokotala a matenda a maganizo a masiku ano safunsa kwenikweni ngati khalidwe lili lachilendo. Amafunsa ngati munthuyo akuzunzika nalo, ngati likumulepheretsa kuchita za tsiku ndi tsiku, ngati likuika moyo wake kapena wa ena pachiswe, ndiponso ngati likusemphana ndi zimene anthu a chikhalidwe ndi chipembedzo chake amayembekezera. Kukhala wachilendo pakokha si matenda. Ndipo matenda a maganizowo si osowa ayi: bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, linawerengetsa kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali nawo.

Madokotala afika pamenepa atapunthwa kangapo. Mu 1851 dokotala wina wa kum'mwera kwa United States, Samuel Cartwright, analemba kuti akapolo amene ankathawa kwa ambuye awo anali ndi matenda a maganizo, n'kuwapatsa dzina lakuti drapetomania. Kufuna ufulu kunalembedwa ngati nthenda, chifukwa woyezayo anatenga ukapolo ngati moyo wabwinobwino. Chitsanzo china chimene chikadali ndi mkangano n'chakuti madokotala a ku America anachotsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1973, ndipo WHO inatero mu 1990. Apa madokotala ankayankha funso la thanzi lokha. Funso la chiphunzitso linatsala m'manja mwa zipembedzo, ndipo zimasiyana maganizo mpaka lero, pakati pawo komanso m'kati mwa chipembedzo chimodzi.

Nkhani ya chisoni cha maliro ikusonyeza mmene malire amavutira kuika. Kuyambira mu 2022, mabuku awiri akuluakulu a matenda ali ndi nthenda ya chisoni chosatha. Mndandanda wa WHO, wotchedwa ICD, umati pakhale patadutsa miyezi 6 kapena kuposa. Buku la madokotala a ku America, lotchedwa DSM, limati miyezi 12 kwa munthu wamkulu. Mabuku awiri, nthenda imodzi, malire osiyana ndi theka la chaka. Onse awiri amawonjezera kuti chisonicho chikhale choposa chimene chikhalidwe ndi chipembedzo cha munthuyo chimayembekezera, ndiponso chomulepheretsa kukhala moyo wake. Ovomereza amati dzinali limathandiza anthu ochepa amene chisoni chawamanga miyendo kuti apeze thandizo. Otsutsa amati kuika kalendala pa misozi kungachititse wolira aliyense kudziona ngati wodwala.

Nanga wamasiye amene amamva ngati malemu ali naye m'chipinda? Dokotala wa ku Wales, Dewi Rees, anafunsa amasiye 293 n'kufalitsa zotsatira mu 1971. Pafupifupi theka anati anamvapo kuti mnzawo womwalirayo ali pafupi, ena anamuona, ena anamva mawu ake. Ambiri anati zinkawatonthoza, ndipo ambiri anali asanauzepo munthu, ena poopa kusekedwa. Chinthu chochitikira theka la amasiye, aliyense n'kumachibisa ngati chake yekha.

Chikhalidwe chimalowerera ngakhale m'matenda enieni. Tanya Luhrmann wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anacheza ndi anthu 60 odwala schizophrenia, nthenda imene imasokoneza munthu kusiyanitsa zenizeni ndi zimene ubongo wake ukupanga. Anali a ku California m'dziko la United States, a ku Accra m'dziko la Ghana ndi a ku Chennai m'dziko la India. A ku America ambiri ankamva mawu ankhanza ndi oopseza. Ambiri a ku Accra ankati akumva Mulungu, ndipo a ku Chennai kawirikawiri ankamva abale awo akuwauza zochita. Onse anali odwala, koma mawuwo ankalankhula mogwirizana ndi kumene munthu anakulira. Kale mu 1994, buku la DSM linali litaika gawo la mavuto a chipembedzo kapena a uzimu, monga kutaya chikhulupiriro kapena kusintha mpingo, n'kunena poyera kuti zimenezi zingafune uphungu koma si matenda.

Zipembedzo zimakoka mbali ziwiri

Amene amawerenga mabuku opatulika amadziwa kuti anthu otchuka a m'menemo sankaoneka abwinobwino kwa anzawo. Hana akupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka, wansembe Eli anamuyesa woledzera, monga timawerengera pa 1 Samueli 1. Pa Marko 3:21 abale ake a Yesu anapita kukamugwira poti anthu ankati wazungulira mutu. Pa tsiku la Pentekoste ena anaseka ophunzira kuti akhuta vinyo, ndipo pa Machitidwe 26:24 bwanamkubwa Festo anakuwa kuti kuphunzira kwambiri kwamuchititsa misala Paulo. Anthu a ku Makka nawo ankatcha Mtumiki Muhammad wamisala, ndipo Qur'an imawayankha pa sura 68:2 ndi 81:22. Paulo yemweyo pa Aroma 12:2 analangiza okhulupirira kuti asafanizidwe ndi makhalidwe a dziko lino. Mbali imeneyi ya chipembedzo imauza munthu kuti kuchuluka kwa anthu si umboni wa choonadi.

Koma zipembedzo zomwezo zimachenjeza za kupyola muyezo. Mlaliki 7:16 amaletsa kudzionetsa wolungama mopambanitsa. Kwa Akorinto, amene misonkhano yawo inkasanduka phokoso, Paulo anati zonse zichitike moyenera ndi mwadongosolo. Qur'an pa sura 2:143 imatcha Asilamu mpingo wapakatikati, ndipo pa 2:286 imati Mulungu sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Mu hadisi ya Bukhari, buku losonkhanitsa mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad, muli nkhani ya amuna atatu: wina analumbira kuti aziswali usiku wonse, wina kuti azisala kudya masiku onse, wina kuti sadzakwatira. Mtumiki anawabweza, n'kuwauza kuti iye amasala ndipo amamasula, amaswali ndipo amagona, komanso amakwatira. Buddha, amene anayambitsa chipembedzo cha Chibuda, anazunza thupi lake pafupifupi zaka 6 asanaphunzitse njira yapakati.

Pano pali poterera. "Pakati" pa zipembedzo si avereji ya Quetelet. Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Greece, anafotokoza bwino kusiyanaku zaka zoposa 2,300 zapitazo: chakudya chochepera Milo, katswiri wa masewera ogwetsana, chingakhale chochulukira munthu amene wangoyamba kumene masewerawo. Pakati poyenera pamayezedwa ndi munthu mwini ndi zimene akukumana nazo, osati powerenga mitu ya anthu. Kusala kudya kumene kumalimbitsa mnyamata wathanzi kungavulaze mayi woyembekezera kapena wodwala shuga, n'chifukwa chake malamulo a kusala, a Chisilamu ndi a Chikhristu omwe, amapatula odwala.

Ndiye pali nkhani ya kuuma mtima ndi kukayika, imene m'kuona kwanga ndi imene imabisidwa kwambiri m'nyumba zopemphereramo. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mu mdima, lopanda chitonthozo kumapeto, koma linasungidwa m'buku la nyimbo zopembedzera. Eliya, atangopambana pa phiri la Karimeli, anathawira m'chipululu n'kupempha imfa, ndipo pa 1 Mafumu 19 thandizo loyamba limene analandira linali tulo ndi chakudya. Bambo wa mwana wodwala pa Marko 9:24 ananena mawu awiri otsutsana pakamwa pamodzi, kuti akukhulupirira, komanso kuti athandizidwe kusakhulupirira kwake. Al-Ghazali, mphunzitsi wamkulu wa ku Baghdad, mu 1095 anavutika mumtima mpaka lilime linakanika kuphunzitsa, n'kusiya udindo wake. Makalata a Mother Teresa amene anafalitsidwa mu 2007, patatha zaka 10 iye atamwalira, anaulula kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankamva ngati Mulungu ali kutali, uku akutumikira osauka ku Calcutta. Ena anawerenga makalatawo n'kuti ndi umboni wa chikhulupiriro chozama, ena n'kuti ndi umboni wakuti chikhulupirirocho chinali chitatha, enanso n'kuganiza za matenda a kukhumudwa. Mkanganowo ulipobe. Chimene sichitsutsika n'chakuti kusamva kanthu popemphera si chinthu chachilendo ngakhale pakati pa anthu amene zipembedzo zawo zimawalemekeza koposa.

Chikumbumtima chikasanduka ndende

Pali kudzipereka kwina kumene kunja kumaoneka ngati chiyero, m'kati muli kuzunzika. Martin Luther, ali m'nyumba ya amonke, ankaulula machimo kwa maola ambiri, n'kubwereranso poopa kuti waiwala kena, mpaka mlangizi wake Johann von Staupitz anatopa naye. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa gulu la Chikatolika la Ajezuwiti, anavutika chimodzimodzi ku Manresa m'dziko la Spain mu 1522, mpaka kuganiza zodzipha. Asilamu amadziwa vutoli ndi dzina lakuti waswasa, kunong'oneza kwa chikaiko kumene kumachititsa munthu kubwereza kambirimbiri wudhu, mwambo wa kusamba asanapemphere, osakhutira kuti wayera. Madokotala lero amaona zambiri mwa zimenezi ngati mtundu wa OCD, nthenda imene munthu amavutitsidwa ndi maganizo obwera okha, n'kumabwereza zochita zina kuti nkhawa ichepe.

Maganizo oipa obwera okhawo si nthenda. Adam Radomsky ndi anzake anafunsa ophunzira 777 m'maiko 13, ndipo zotsatira za mu 2014 zinasonyeza kuti pafupifupi 94 mwa 100 alionse anali atakumanapo ndi maganizo osafunika otere m'miyezi itatu yapitayo. Kusiyana kuli pa zimene munthu amachita nawo. Ambiri amangowasiya n'kudutsa. Wodwala OCD amawatenga ngati umboni wakuti iye ndi woipa, amalimbana nawo, ndipo kulimbanako n'kumene kumawapatsa mphamvu. Maganizowo amakonda kugunda pa chimene munthu amachilemekeza kwambiri, n'chifukwa chake wopemphera amavutika ndi mawu amwano, mayi wokonda mwana wake n'kumavutika ndi chithunzi chomuvulaza.

Chochititsa chidwi n'chakuti alangizi akale a chipembedzo anapeza mankhwala ofanana ndi a madokotala a lero. Ansembe ankalamula munthu wotere kuti akhale ndi mlangizi mmodzi ndipo asabwereze kuulula tchimo limene anaulula kale. M'malamulo a Chisilamu muli mfundo yakuti chotsimikizika sichichotsedwa ndi chikaiko, kotero amene wachita wudhu n'kuyamba kukayika amauzidwa kuti apitirize kuswali. Madokotala nawo amaphunzitsa wodwala kupirira nkhawa popanda kubwereza mwambowo, mpaka nkhawayo itazizira yokha, ndipo ena amapatsidwanso mankhwala. Mlangizi wosadziwa zimenezi, amene amauza munthu wotere kuti awonjezere kulapa ndi kusala, amakoleza moto ali ndi cholinga chabwino.

Gulu likakhala muyezo

M'moyo wa tsiku ndi tsiku, ambirife sitiyezedwa ndi dokotala kapena ndi buku, koma ndi maso a anzathu. Solomon Asch, katswiri wa sayansi ya maganizo, mu 1951 anaika munthu mmodzi pakati pa gulu limene linapangana mwachinsinsi kupereka yankho lolakwika pa funso losavuta, lofananiza kutalika kwa mizere. Anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposa, akuona ndi maso awo kuti yankholo n'lolakwa. Koma mukakhala munthu mmodzi yekha m'gulumo wonena zoona, kutsatira kuja kunkatsika kwambiri. Akuluakulu ananena kale kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Palinso kusokonezeka kwina kochenjera kuposa apa, kumene aliyense amabisa maganizo ake poganiza kuti ali yekha. Deborah Prentice ndi Dale Miller anapeza mu 1993 kuti ophunzira ambiri a pa yunivesite ya Princeton sankasangalala ndi kamwedwe ka mowa ka pasukulupo, koma aliyense ankaganiza kuti anzake akusangalala nako. Tangoganizani zimenezi m'chipinda chopemphereramo. Anthu 50 angakhale akuimba mokweza, theka la iwo lili ndi mafunso mumtima, aliyense n'kumaona nkhope za anzake n'kutsimikiza kuti wokayika ndi iye yekha. Émile Durkheim wa ku France, katswiri wa za kakhalidwe ka anthu, analemba mu 1895 kuti ngakhale m'gulu la oyera mtima okhaokha mudzapezekabe olakwa, chifukwa tizolakwa tating'ono timene kwina sitiwerengedwa tidzasanduka milandu yaikulu. Gulu lililonse limadzijambulira malire, ndipo malire akapanikiza, ogwera kunja amachuluka.

Pa za banja, gulu limayenda ndi wotchi. Bernice Neugarten wa ku Chicago anafotokoza m'zaka za m'ma 1960 kuti anthu amakhala ndi ndondomeko yosalembedwa ya msinkhu woyenera kukwatira, kubereka ndi kukhazikika, ndipo amene wachedwa kapena wafulumira amadziimba mlandu. Koma wotchiyo imasiyana dziko ndi dziko, m'badwo ndi m'badwo. WHO inanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, m'maiko olemera ndi osauka mofanana. Banja limene likudziona ngati lotembereredwa lili m'gulu la anthu mamiliyoni ambirimbiri. Malemba nawo sanena ndi mawu amodzi pa nkhaniyi: amatamanda ukwati ndi ana, koma pa 1 Akorinto 7 Paulo, amene analibe mkazi, akutcha umbeta mphatso, ndipo pa Yohane 9 Yesu akukana kuti khungu la munthu wobadwa wosaona linabwera chifukwa cha tchimo lake kapena la makolo ake.

Intaneti yangokulitsa chizolowezi chakale. Leon Festinger anafotokoza mu 1954 kuti pamene palibe muyezo wooneka, anthu amadziyeza ndi anzawo. Pa Facebook ndi pa WhatsApp anthu amaika ukwati, digiri ndi umboni wa pemphero loyankhidwa. Pemphero losayankhidwa siliikidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale masamu amatinyenga: Scott Feld anasonyeza mu 1991 kuti anthu ambiri ali ndi anzawo ochepa poyerekeza ndi avereji ya anzawo a anzawowo, chifukwa anthu odziwika kwambiri amapezeka pa mindandanda ya anthu ambiri.

Mmene alangizi amasiyanitsira

William James, m'buku lake la mu 1902 lonena za zimene anthu amakumana nazo m'chipembedzo, anakana kuweruza masomphenya kapena kutembenuka mtima poyang'ana kumene zachokera. Anati tiyang'ane zipatso, mfundo imene anaitenga pa Mateyu 7. Alangizi ambiri, achipatala ndi achipembedzo omwe, amayendabe m'njira imeneyi. Amafunsa ngati munthuyo akugona ndi kudya, ngati akutha kusamalira ana ndi ntchito, ngati angathe kusiya mwambowo tsiku limodzi popanda mantha aakulu, ngati akumvabe uphungu wa ena, ndiponso ngati anthu okhwima a m'chipembedzo chake chomwecho akuzindikira zimene akunenazo. Munthu amene wakhala masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zosefukira, amene mawu akumulamula kudzivulaza kapena kuvulaza wina, kapena amene akulankhula zodzipha, amafunika dokotala mwamsanga, kaya mawu ake ali odzaza ndi mavesi kapena ayi.

Muyezo wa zipatsowu suthetsa zonse. Wosiya ntchito yabwino kuti akatumikire osauka angaoneke kwa abale ake ngati wataya moyo, kwa a mpingo wake ngati waupeza, ndipo palibe makina oyezera kuti akulondola ndani. Chimene chasintha n'chakuti mbali ziwirizi zayamba kufunsana. Buku la DSM la mu 2013 linabwera ndi mafunso 16 oti dokotala afunse wodwala, monga mmene iye angafotokozere vuto lake kwa abale, chimene akuganiza kuti chalichititsa, ndi thandizo limene wafunafuna kale, kuphatikizapo la atsogoleri a chipembedzo ndi asing'anga. Ndipo mu 2020 magazini ya zachipatala ya Lancet inafalitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi Oye Gureje ku Ibadan m'dziko la Nigeria ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana, kumene ogwira ntchito zachipatala ankayendera odwala misala amene ankasungidwa kwa asing'anga ndi kumalo a mapemphero, n'kumagwira ntchito limodzi ndi eni malowo. Patatha miyezi 6, odwala amene anathandizidwa ndi mbali zonse ziwiri anali atapeza bwino kuposa anzawo amene sanalandire thandizo logwirizanalo.